Kukamutenga Nickson Kuphiri

Ine phiri ndimaliopa. Ndakalamba ndikuliona m'mawa uliwonse kuseri kwa denga la aneba athu a Stambuli, koma mtima wanga sunagonepo nalo. Chinthu chimene chimafunda nkhungu masana n'kudzivundukula chokha madzulo musamachizolowere. Ana a kuno ku Sadzi amakwera kukatola nkhuni ngati akupita pamjigo, ine n'kumawauza: musamaitanane mayina m'nkhungu, chipatso chimene mwachipeza pamwala musadye, mukamva likhweru musayankhe. Amaseka. Aseke, ndi ana.

Koma Lachitatu lina m'mwezi wozizira ndinakwera ndine, ndi mawondo angawa.

Anandikweza ndi Fyness, mdzukulu wanga, mwana wa malemu Elsie. Elsie anali mwana wanga wachisamba. Anatha pang'onopang'ono ngati sopo wosiyidwa m'madzi, magazi osaleka, nsalu zake ndikuchapa ine mbandakucha kuti anthu asaone. Pamene tinkafika kuchipatala anatiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo tachedwa. Fyness ndinamulera ndine kuyambira pamenepo.

Ndiye tsiku lina anapita kusikelo ndi mwana wake Luso. Kumeneko anamwino anauza amayi onse kuti ayezetse khomo la chiberekero, iye nayenso anayezetsa. Anabwera ali phee. Anatula mwana, anatola tsache, n'kuyamba kusesa pabwalo pamene anali atasesa kale.

"Pansipo patha," ndinatero. "Tanena."

Ananena akuyang'ana tsache. Akuti aona kamalo kosaoneka bwino. Akuti si khansa ayi, koma apite Lachinayi kuchipatala chachikulu cha m'tauni akamuone bwinobwino ndi makina, ndipo kamaloko akakapeza, akakatentha tsiku lomwelo. Ine m'makutu munali kulira ngati mwalowa njuchi.

"Tipita," ndinatero.

"Sindipita, anganga."

"Wati chiyani?"

"Akuti akatentha, mwamuna asandiyandikire mwezi wathunthu ndi theka. A Nickson amatsika Loweruka basi. Sabata yonse ali m'nkhalango kucheka matabwa, atsike, ine ndiwauze kuti gonani uko? Loweruka ili, linalo, linalonso? Adzandifunsa kuti matendawa ndawatenga kuti. Mwinanso sadzafunsa n'komwe, adzangosiya kutsika."

"Ndiye ukufuna ufe uli pabanja."

"Sindikumva kupweteka paliponse ine."

"Amako ankamva?"

Anakatenga Luso n'kumubereka, chonsecho mwanayo sanali kulira.

Akanakhalapo Elsie, nkhani iyi sakanaitha. Mpongozi ndi mkamwini amapatukirana njira, sangakhale pansi n'kumakamba za kuchipinda. Koma ine ndine gogo. Kwathu kuno mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wakonso, wa nthabwala. Umamulanda chipewa, umamunena kuti ndi waulesi, iye n'kumakuitana mkazi wamkulu. Pakamwa pa gogo ndi mwamuna wa mdzukulu palibe chitseko. Ndinaganiza za foni, koma mawu otere musamawatume pafoni, amafika ali opunduka.

"Ndikamuuza ndine," ndinatero.

Fyness anaseka koyamba tsiku limenelo. "Inu? Kuphiri? Inu amene mumakuwa nsalu ikagwa pachingwe? Chabwino, mukakafikako kawauzeni."

Ankayesa ndikucheza.

Lachitatu m'mawa ndinavala majuzi awiri, ndinamanga mpango, n'kupita kukaima pamene malole a matabwa amakhotera kukwera phiri. A Jamal, amene amagula matabwa kwa Nickson, anandiona n'kuimitsa lole.

"Anganga, mwasochera?"

"Mundikweze. Koma muziyendetsa ngati mwanyamula mazira."

Iwo anati Bisimila, ine ndinati Yesu wanga, lole inanyamuka.

Msewu wa kuphiri uja anaupanga munthu woledzera. Ukhota uku, ukhota uku, mbali imodzi thanthwe, mbali inayo kulibe kanthu, mpweya wokhawokha. Ndinatseka maso. Nditatsegula tauni inali pansi pathu, malata akung'anima ngati matemba oyanika, ndipo kutali uko nyanja ya Chilwa inali itagona ngati mbale yachitsulo imene wina waiiwala m'munda. Amayi anga anabwera kuchokera kutsidya kwa madzi amenewo ali mtsikana, atasenza mphika umodzi. Ndinafuna kuwaonetsa a Jamal, koma ndinaopa kuti achotsa maso pamsewu.

Kenako tinalowa m'nkhungu ndipo dziko linatha. Munkangotuluka manja. Dzanja lonyamula mbale ya sitiroberi, dzanja lonyamula magalagadeya, lina mabulosi, nkhope osaoneka, mawu okha akuti bwana, bwana, n'kuzimirira kumbuyo. Bambo wina anatulukira akukankha njinga yodzaza nkhuni mpaka kupitirira mutu wake, anatidutsa osamveka phazi. Ndinadzitsina pantchafu kuti ndidziwe ngati ndili maso.

A Jamal ananditsitsa kupitirira damu la Mulunguzi. Madzi ake anali akuda, osagwedezeka, nkhungu ikuyenda pamwamba pake ngati ikufuna pokhala. Madzi osalankhula musamawayang'anitsitse.

"Mutsate kanjira aka," anatero. "Mukamva macheka, mwafika."

Mitengo ya paini si mitengo ngati ya kwathu. Anaibzala anthu, m'mizere, yonse msinkhu umodzi, yaima ngati anthu a pamaliro amene akudikira abusa. Pansi pake simumera udzu, mbalame simuimba. Masamba ake owuma aja anali ofewa kumapazi ngati ndikuponda bulangete, ndipo fungo lake linandikumbutsa bokosi latsopano. Ndinayenda, ndinayenda, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Mawondo anasiya kupweteka, zimene zinandiopsa kwambiri.

Patsogolo panga panatulukira amayi atatu atasenza mitolo yaitali ya nkhuni, akutsetsereka mothamanga pang'ono monga amachitira osenza katundu wolemera. Wachitatu anali ndi kayendedwe kena kake, phewa lamanzere lotsika, dzanja limodzi likupalasa mphepo. Elsie ankayenda choncho pochokera kuchigayo. Dzina linafika pamilomo panga. Ndinaliluma. Anandidutsa pafupi moti ndinamva kupuma kwake, anati "Zikomo, amayi," ndipo anali mtsikana wina chabe, wamaso aakulu, wa eni ake. Ndinakhala pachitsa mpaka mtima utabwerera m'malo mwake.

Ndili pachitsapo ndinamva chinthu chikupuma m'nkhalango. Fuu, haa. Fuu, haa. Ndinati basi, lero ndakumana nacho chimene ndakhala ndikuchenjeza ana. Koma chinali kupuma mosasintha, ngati munthu wogona bwino. Anali macheka.

Ndinawapeza pamalo ogwetsedwa mitengo. Chipika chachikulu chinali pathandala, Nickson ali kunsi m'dzenje, mnzake Japhet ali pamwamba, akukokerana macheka aatali aja. Utuchi unkagwera pa Nickson ngati ufa. Tsitsi loyera, nsidze zoyera, ndinaona mmene adzaonekere akadzakalamba.

Japhet ndiye anayamba kundiona. Anasiya chogwirira. "Achimwene, kwabwera mzimu."

Nickson anasuzumira, anapukuta m'maso. "Ee! Akazi anga aakulu! Mwandisowa mpaka kukwera phiri?"

"Ndasowa sopo, amuna opanda phindu inu. Chaka chatha munandilonjeza nsalu."

"Nsalu ndinapatsa wamng'ono. Inu mumandikana."

"Ndingalole bwanji mwamuna wooneka ngati mbewa ya m'chigayo?"

Japhet anaseka mpaka kukhala pachipika. Nickson nayenso anaseka, koma maso ake anali pamapazi anga, pamatope amene anafika m'mawondo. Anatuluka m'dzenje.

"Luso ali bwino?"

"Luso ali bwino. Tiyeni apo."

Tinakhala pamulu wa matabwa, kutali ndi makutu a Japhet. Ndinamuuza zonse, mosazungulira. Za kusikelo, za kamalo kaja, za Lachinayi, za kutentha, za mwezi ndi theka. Mawu ena amene sindinawatchulepo pamaso pa mwamuna chimwalirire amuna anga enieni, ndinawatchula pamenepo, nkhungu ikudutsa pakati pathu. Iye anatola kakhungwa n'kumakabenthula ndi chikhadabo.

"Matenda amenewa amabwera ndi amuna?" anafunsa.

"Ine kusukulu sindinapondeko. Funso limenelo mukawafunse anamwino."

"Nanga bwanji osandiuza yekha?"

"Akuopa."

"Ine ndinamumenyapo?"

"Sakuopa dzanja lanu. Akuopa kuona msana wanu."

Madontho ankagwa kuchokera m'mitengo, apa, apo. Ndinadikira kuti anene kanthu, ngakhale kukalipa kumene. Anaimirira, anasasa utuchi pabuluku.

"Chipikachi a Jamal akuchifuna lero," anatero. "Mudikire lole pamsewu, musatsike wapansi."

Anabwerera m'dzenje. Macheka anayambanso kupuma. Ndinakuwa kuti mawa m'mawa, chipatala chachikulu, koma sindikudziwa ngati anamva.

Madzulo ake Fyness anaona matope aja n'kugwira pakamwa.

"Munapitadi? Ndiye anati chiyani?"

Ndikanatha kunama. Koma bodza kwa wodwala lili ngati denga lofolera ndi mapepala. "Anati amalize chipika."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale.

"Tiye akangoona," ndinamupempha m'mawa mwake. "Kuona si kutentha. Ukakana ukakanire komweko."

Luso tinamusiya kwa akazi a Stambuli. Kuchipatala tinapeza amayi ali pabenchi, aliyense atakumbatira kabuku kake, osayang'anana. Ine ndinkayang'ana kuchipata. Ankalowa amuna a makasu, amuna a mataye, wa utuchi panalibe.

Ataitana dzina lake, Fyness anandigwira chitenje. Namwino, mayi wonenepa bwino wovala mpango woyera, anati dzina lake ndi Sumaya, ndipo ngati mwini wake akufuna, gogo alowe, koma akhale kumutu. Kachipinda kanali kakang'ono, kotchinga ndi nsalu yobiriwira. Anamufunsa ngati ali kumwezi, ngati ali ndi pakati. Anati ayi. Anamuuza avule zamkati, agone chagada, mapazi aponde apa ndi apa, n'kumufunditsa nsalu pamimba.

"Chilichonse ndizikuuzani ndisanachite," anatero a Sumaya. "Mukati ndisiye, ndisiya."

Anationetsa kachitsulo kokhala ngati mlomo wa bakha. Akuti kameneko n'kotsegulira njira kuti khomo lioneke, kamazizira ndipo kamakankha, koma sikadula. Ine ndinafunsa ngati anakatsuka. Anati kaphikidwa, anganga, kuposa mbale za kwanu. Pokalowetsa Fyness anandifinya dzanja.

"Pumani ndi pakamwa, achemwali. Lekererani miyendo. Eya, choncho."

Kenako anakoka makina a mwendo umodzi, okhala ndi nyali ndi magalasi awiri, ngati aja amaonera azungu mbalame kuphiri. Ndinaimirira.

"Chimenecho chilowanso?"

"Ichi chimakhala kunja. Ndi maso anga chabe, chimakulitsa zinthu."

Anaviika thonje m'kambale, ndipo m'chipindamo munamveka fungo limene ndinalidziwa.

"Viniga? Wa tchipisi?"

"Yemweyo. Malo amene asintha akakhudzidwa ndi viniga amayera. Muzimva kunyereza pang'ono, achemwali."

"Ndiye muthirenso kabichi," anatero Fyness, ndipo tonse atatu tinaseka, iye misozi ikutsikira m'makutu.

Tinadikira kanthawi. A Sumaya anaika maso pamagalasi aja n'kukhala chete. Chete wa anthu a chipatala ndimamudziwa ine, ndinamumva nthawi ya Elsie. Ndinayang'ana kudenga. Panali banga la mvula looneka ngati ng'ombe yogona, ndipo ndikuliyang'ana linayamba kuyenda pang'onopang'ono, ngati nkhungu ija ya padamu. Dzanja la Fyness m'dzanja langa linasanduka laling'ono, la tsiku lija ndinkamutulutsa m'nyumba ya maliro kuti asaone bokosi likukhomedwa.

"Ndakaona," anatero a Sumaya. "Kali pamwamba penipeni, m'mbali mwake mukuoneka monse. Kakanakhala kakakulu, kapena kokayikitsa, ndikanatapa kanyama pang'ono kuti akakayeze, n'kudikira zotsatira. Koma aka si khansa. Ndi kamalo kamene tikakasiya zaka, kangathe kudzasanduka khansa. Tingakatenthe lero lomwe, ngati mukuvomera."

"N'kakakulu bwanji?" Fyness anafunsa.

A Sumaya anamuonetsa chikhadabo cha chala chaching'ono.

"Basi?"

"Lero ndi basi."

Fyness anatembenuzira mutu kwa ine. "Anganga, ka amayi kanayambanso choncho?"

"Palibe anakaona, mwanawe. Nthawi imeneyo palibe anayang'ana."

"Za mwezi ndi theka anakuuzani?" anafunsa a Sumaya. "Abambo akunyumba akudziwa?"

"Akudziwa."

"Agwirizana nazo?"

Fyness anayang'ana ng'ombe ya padenga ija. Kunja wina ankakolopa, chidebe chikulira.

"Tenthani," anatero Fyness.

Ine ndinkayembekezera moto, malawi, fungo la nyama. Kunalibe. Kanali kandodo kochepa ngati cholembera, kokhala ndi kamutu kamene kamatentha ndi magetsi. Anakagunditsa pamalopo, makina analira pang'ono. Fyness anakwinya nkhope, akuti m'mimba mukupotokola ngati tsiku loyamba la kumwezi. Ndinayamba Atate Wathu chamumtima, ndipo ndisanabwereze kachiwiri a Sumaya anati tamaliza.

Anamuuza agone kaye pang'ono, anamupatsa thewera la amayi, n'kumufotokozera. Akuti kuzituluka madzimadzi kwa masabata angapo, mwina ndi timagazi pang'ono, asadabwe, ndi bala likupola. Azisamba kunja kokha. Koma akamva thupi kutentha, kapena fungo loipa, kapena magazi ambiri, kapena m'mimba kupweteka kwambiri, abwere msanga osadikira kuti kuche kawiri. Chaka chikatha adzabwerenso adzamuone.

"Ndipo m'katimo musalowe kanthu. Chala ayi, nsalu ayi, mankhwala achikuda ayi." Ponena zomalizazi anayang'ana ine.

Pangodya ya chitenje changa ndinali nditamangapo timizu tina tabwino kwambiri. Ndinatikhalira.

Titatuluka, pabenchi ya amayi paja panali mwamuna mmodzi yekha, atakhala kumapeto kwenikweni, mawondo pamodzi, chipewa m'manja. Anavala malaya a kutchalitchi. Anali atasamba, koma m'makutu munali utuchi. Akuti anatsika wapansi kusanache, anakafika kolakwika, anthu anamulozera uku ndi uku.

Fyness anaima. "Atentha kale," anatero, ngati akumuponyera mwala.

Nickson anaimirira. Sanayang'ane mkazi wake, anayang'ana a Sumaya amene anali pakhomo kuitana wina. "Amayi, ndili ndi funso."

Anatilowetsanso. Nickson anafunsa funso lake lija, maso ali pansi. A Sumaya anati inde, kachilombo kake kamayenda pogonana, koma n'kofala kwambiri, anthu ambiri amene anakhalapo ndi mwamuna kapena mkazi anakumana nako osadziwa. Mwa ambiri kamatha kokha. Mwa ena kamakhala phee zaka zambirimbiri.

"Mwina kanabwera musanakwatirane n'komwe. Sindingakuuzeni kuti kanachokera kwa inu kapena kwa iwo, ndipo palibe angakuuzeni. Mukafuna mlandu pamenepa simuupeza, bambo. Chimene ndikudziwa n'choti balalo likufuna mwezi ndi theka."

Nickson anati zikomo.

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha Fyness, Nickson patsogolo, ife kumbuyo. Dzuwa linali litatuluka, phiri lili mbee ngati silinachitepo kanthu. Pafupi ndi msika anatembenuka.

"Dikirani pano."

Analowa m'chipata cha msika, anthu anamumeza. Tinakhala pakhonde la sitolo ina. Anadutsa a kabaza, anadutsa amayi a tomato, mthunzi wa khonde unasuntha kuchoka pamapazi athu. Fyness ankayang'ana kuchipata chija osaphethira.

"Malole a kuphiri amaima kuseri kwa msika," anatero motsitsa mawu.

"Ndikudziwa."

"Musandiuze kuti abwera, anganga."

"Sindinanene kanthu ine."

Nickson anatulukira mbali ina, kumene sitinkayang'ana. Paphewa anasenza mkeka watsopano, wokulungidwa, womanga ndi luzi. Anafika n'kuima patsogolo pathu, akuyang'ana kumbali.

"Wa ndani umenewo?" Fyness anafunsa.

"Wanga. Pabalaza pali malo." Anausuntha paphewa. "Bedi ndakusiyirani inu ndi Luso. Koma bulangete lofiira lija ndi langa, tisakanganepo."

Fyness anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje. Mapewa ankagwedezeka, sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo sindinafunse.

Polowa mu Sadzi, a Stambuli anali pakhonde pawo. "A Nickson! Mkeka watsopano pakati pa sabata? Kwabwera alendo?"

"Akazi anga aakuluwa andilanda bedi," anayankha. "Mitala ndi yovuta, achimwene."

Ine ndinamukoka malaya. "Inu, musakayale pasimenti popanda kanthu. Mwezi uno simenti imakoka chibayo. Muyambe mwayala masaka awiri pansi, ndipo mutu usaloze kukhomo."

"Ndamva, akazi anga."

"Simunamve. Ndibwera ndidzaone ndekha."